Mutu 7: Kambalame Kalowa mu Kompyuta ya Amayi

1. Lamulo la pakona

Mu shopu ya utelala ya amayi ake a Injiniya munali lamulo limodzi lokha, ndipo ngakhale mwana wa mkaka akanalimva: kompyuta ya pakona osaigwira. Sizasi ukhoza kubwereka. Tepi yoyezera ukhoza kuikoleka m'khosi n'kumadziyesa telala. Koma kompyuta ya pakona, manja kumbuyo.

Kunena zoona, kompyutayo inali nkhalamba. Ukaiyatsa inkayamba kaye yalira ngati munthu wa chifuwa, kenako n'kuganiza, n'kuganizanso. Munthu unkatha kuwiritsa tiyi, kumwa, kutsuka kapu, iyo isanadzuke bwinobwino. Koma nkhalamba yomweyo ndi imene inkadyetsa banja. M'kati mwake munali pulogalamu yoyendetsa makina osoka mabaji, komanso mapatani onse amene Amayi anasonkhanitsa chiyambire ntchitoyi: mabaji a masukulu, zizindikiro za makampani, maluwa a pa madiresi. Amayi akadina batani, patani inkadutsa m'chingwe n'kukafika ku makina, singano n'kuyamba kuvina yokha.

Injiniya anali mtsikana wa Fomu 2, woyamba kubadwa m'nyumbamo. Dzinali anam'patsa ndi malume ake ali wamng'ono, tsiku limene anaphwasula wailesi kuti aone anthu olankhula m'katimo. Wailesiyo sinalankhulenso mpaka lero. Iye dzinalo ankalinyadira kwabasi, osadziwa kuti anthu akamamuitana choncho amakhala akuseka.

Sabata imeneyo patebulo lodulira nsalu panali mulu wa malaya oyera. Anali a kwaya ya kusukulu kwa Injiniya, imene inkapita ku mpikisano Loweruka m'mawa. Iye mwini ankaimba nawo, mzere wakutsogolo. Aphunzitsi a kwaya anapereka ntchitoyo kwa Amayi pamaso pa ana onse, amvekere, "Awa ndiye sakhumudwitsa." Malaya anali atasokedwa kale. Chotsala chinali baji ya sukulu pa thumba lililonse: buku lotsegula, nyali pamwamba pake, ndi timawu ting'onoting'ono m'munsi.

2. Uthenga wa Pulofesa

Vuto linachokera ku kalabu ya makompyuta. Mtsogoleri wake anali mnyamata wa Fomu 4 amene anzake ankamutcha Pulofesa, chifukwa ukamufunsa nthawi ankayamba wakufotokozera mmene wotchi imagwirira ntchito.

Lachitatu masana Pulofesa anajambula zinthu zitatu pa bolodi: zenera, apulo wolumidwa, ndi kambalame konenepa koyera pamimba. Ana a kalabuyo ankatchula masisitimu ndi zithunzi zakezo. Sisitimu, kwa amene simudziwa, ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta yonse. Mapulogalamu ena onse amakhala m'manja mwake.

"Ya zenera iyi," anatero Pulofesa akugogoda bolodi ndi choko, "ndi ya anthu ongotsata gulu. Ili paliponse, n'chifukwa chake mavairasi amaikonda."

"Koma magemu onse abwino ali kumeneko," wina anadandaula kumbuyo.

"Tikunena za nzeru ife, iwe ukuti magemu! Ya apulo iyi ndi yokongola, sindikana, koma ndi ya anthu odzionetsa, ndipo ukalowa mumpanda mwake umadya zimene akupatsa basi. Koma iyi!" Anapsompsona zala zake n'kukhudza kambalame. "Yaulere. Yopepuka. Kompyuta yakufa imadzuka n'kuyamba kuthamanga."

Injiniya anakweza dzanja. "Ngakhale yakalekale?"

"Makamaka yakalekale."

"Nanga mapulogalamu amene anali pa ya zenera amayendanso?"

"Chilichonse chili ndi mnzake kumeneko, mwinanso woposa," anayankha Pulofesa osaphethira n'komwe.

Abale inu, mnyamata ameneyu chibadwire anali asanaonepo makina osoka mabaji, ngakhale pa chithunzi. Koma analankhula ngati anawapanga ndi iyeyo. Pomaliza anatulutsa m'thumba fulashi yokhala ndi sisitimu ya kambalame ija n'kumubwereka Injiniya, ndipo anawonjezera kuti anthu osunga masisitimu awiri mu kompyuta imodzi ndi amantha.

3. Mawu a Malume

Pobwerera kunyumba Injiniya anadzera pa benchi ya malume ake, amene ankakonza mafoni ndi makompyuta m'khonde la sitolo ya zitsulo. Anawapeza atawerama pa foni yong'aluka galasi, kasikuludiraiva kali kukamwa. Anawaonetsa fulashi ija monyadira, n'kuwafotokozera zonse za Pulofesa osasiyako n'kamodzi komwe.

Malume anachotsa kasikuludiraiva kukamwa. Akatero, ana onse a m'banjamo ankadziwa kuti ulaliki wayamba.

"Khala pansi, Injiniya. Ine kambalameko sindidana nako. Ona kompyuta yangayi, si komweko kali apa? Kandithandiza zaka zambiri ndipo sikanandigwiritsepo mwala. Koma mnzakoyo wakuphunzitsa kusankha kompyuta ngati timu ya mpira, kuti iwe uli mbali iyi, enawo ndi adani. Zimenezo ndi zachibwana. Munthu wanzeru safunsa kuti yabwino kwambiri ndi iti. Amafunsa kuti, kodi kompyuta iyi imagwira ntchito yanji, ndipo pulogalamu ya ntchitoyo imayenda pa sisitimu iti?

"Azakhali ako aja ali ndi ya apulo. Sikuti ndi matama okha ayi. Amajambula makadi a ukwati, ndipo mapulogalamu awo ojambulira amawayendera bwino kumeneko. Ine ndili ndi kambalame chifukwa ntchito yanga ndi yolowa paliponse n'kumasula chilichonse. Amayi ako ali ndi ya zenera chifukwa amene anapanga makina awo a mabaji anapangira pulogalamu yake sisitimu imeneyo basi. Iwe wakulira mu shopu. Unaonapo bobini ya makina ena ikukwana pa makina ena? Ikhale yatsopano, inyezimire bwanji, ngati si yake si yake.

"Ndiponso, mwana iwe, kompyuta imene munthu amadyera saiphunzirirapo. Ukafuna kuphunzira ubwere kuno mukabwerako ku mpikisano. Pansi pa benchi pano pali zakufa zambirimbiri, uzidzutse n'kuziphanso mmene ungafunire, palibe alire. Ine ndi imvi zangazi, ndisanagwire kompyuta ya kasitomala ndimakopa kaye zonse zili m'katimo n'kuzisunga pena, ndipo ndimayamba ndamufunsa mwiniwake. Ndadziwa-kale anamanga nyumba yopanda khomo. Wandimva?"

"Ndamva, Malume."

Anamva chiyani! Mawu analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Ali m'njira ankang'ung'udza yekha kuti akuluakulu amangoopa chilichonse chatsopano, ndipo tsobola wakale sawawa.

Za azakhali ajawo tinene pang'ono, poti tiwafuna kutsogoloku. Anali mlongo wawo wa malemu bambo ake a Injiniya. Kale iwo ndi Amayi ankayendetsa shopu imodzi, koma bambo atamwalira anakangana koopsa mpaka kugawana katundu. Kuyambira pamenepo akakumana pamsewu, wina ankayang'ana kumwamba, wina pansi.

4. Batani limodzi

Lachinayi masana Injiniya ataweruka anapeza Amayi akulimbana ndi nkhalamba ija. Anali atasoka baji pa malaya awiri okha pamene kompyuta inauma gwa, ndipo ulusi wagolide wa nyali unali utatsala pang'ono kutha.

"Chikompyuta ichi chidzandipha ine!" Amayi anamenya tebulo. "Tsiku lina ndidzachiponya kudzala." Anatenga chikwama. "Ndikukasaka ulusi. Uyang'anire shopu. Akabwera a thalauza la buluu aja uwauze kuti mawa."

Mmisiri aliyense amatukwana chida chake, ndipo mwana aliyense wanzeru amadziwa kuti kumeneko n'kupepusa mtima chabe. Injiniya yekha ndi amene anamva ngati wapatsidwa chilolezo. Amayi asanakhote n'komwe pakona, fulashi inali italowa kale.

Kompyuta, chilungamo chake, sinamubisire kanthu. Inamufunsa ngati akufuna kuti kambalame kakhale pambali pa sisitimu yakale, kapena afufute zonse ayambe poyera. Iye anakumbukira za amantha zija. Anasankha kufufuta. Kompyuta inamufunsanso kachiwiri, ndi zilembo zochenjeza, kuti zonse zili m'katimu zitayika, kodi watsimikiza?

Apa chala chake chinaima pang'ono. Anayang'ana makina a mabaji. Chibadwire ankaona maluwa ndi zilembo zikutuluka pansi pa singano ya makinawo, ndiye kwa iye zinali zachidziwikire kuti mapatani amakhala m'makinamo. Mu kompyuta, iye ankati, muli ulesi ndi mavairasi basi. Foni inali m'thumba mwake, nambala ya Malume ankaidziwa pamtima. Sanaimbe. Anadina.

Ndipo zinayendadi, chopweteka chake n'chimenecho. Kompyuta itayakanso inadzuka msangamsanga ngati mwana pa tsiku lotsekera sukulu. Sikirini inali yowala bwino, mawusi ikungouluka. Injiniya anavina yekha pakati pa shopu, akuganizira mmene Amayi amuyamikire ndi mmene Malume achitire manyazi.

5. Baji ili kuti?

Amayi analowa akupukuta thukuta, ulusi uli m'manja. Anaima chilili.

"Chimbalame ichi chachokera kuti?"

"Ndakukonzerani, Amayi! Taonani mmene ikuthamangira. Simudzadikiranso."

Amayi anakhala pampando pang'onopang'ono. Anagwira mawusi n'kuyamba kufunafuna kachithunzi ka singano kamene ankadina tsiku lililonse. Kumanzere kulibe. Kumanja kulibe.

"Pulogalamu yanga ili kuti?"

"Ili ndi mnzake, Amayi, mwinanso woposa. Tadikirani ndi..."

"Mapatani anga ali kuti?"

"Si ali m'makinamo?"

Amayi anachotsa dzanja pa mawusi. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anangoti, "Kaitane malume ako. Thamanga."

Malume atafika n'kuona kambalame pa sikirini, anagwira m'mutu ndi manja onse awiri. "Mayo ine! Dzulo lomweli ndimalankhula ndi benchi kodi?" Anakhala pansi, analumikiza zida zawo, anasaka m'kati monse. Anangopeza tizidutswa ta mafayilo tosatseguka. Sisitimu yatsopano inali itagona pamwamba pa zakale.

Injiniya, misozi ili m'maso, anaimbira Pulofesa n'kutsegula sipika kuti onse amve, poganiza kuti iyeyo ndiye abweretse chipulumutso.

"Aa, pamenepo vuto si la kambalame," anatero Pulofesa, mtima uli m'malo. "Vuto ndi la amene anapanga makinawo. Muwauze apange pulogalamu ina. Kapena amayi ako angosintha makina."

"Angosintha makina!" Malume analanda foni. "Iwe mnyamata, ukuganiza kuti makina amenewa amathyola mu mtengo? Unayamba waonapo singano yake iwe? Malaya akufunika Loweruka, iwe ukutiuza za kampani!" Anadula foni asanayankhidwe.

Ngati zimenezo sizinakwane, foni ya Amayi nayo inalira. Anali aphunzitsi a kwaya, kufunsa ngati angatume ana mawa kudzatenga malaya.

"Mawa ayi, aphunzitsi," anatero Amayi, mawu ali bwinobwino ngati palibe chachitika. "Loweruka m'mamawa ndidzabweretsa ndekha."

Atatsitsa foni, Malume anawayandikira. "Achemwali, sisitimu ya zenera ndikhoza kuibwezeretsa lero lomwe. Koma ibwera ili mbulanda, yopanda pulogalamu, yopanda patani ngakhale imodzi. Diski imene inabwera ndi makinawa ili kuti? Paja tinakoperanso mapatani akale pa diski ina, ndipo baji ya sukuluyi inali momwemo."

Amayi anayang'ana kukhoma. "Zinapita m'katoni ya anthu ena tsiku logawana katundu."

"Ndiye bwanji osangopita kwa..."

"Dzina limenelo lisatchulidwe muno."

6. Singano ya pamanja

Malume atapita kukatenga zida zina, Amayi anatsegula kabati n'kutulutsa kathabwa kozungulira kokungira nsalu, kamene kanali kasanagwirenso ntchito chigulireni makina. Anakungapo thumba la malaya, anaika baji yotha kale pambali kuti azionera, anavala magalasi. Anayesa kulowetsa ulusi pa singano. Unaphonya. Anaunyowetsa ndi malovu, anayesanso. Unaphonyanso. Maso ofooka amenewa ndi amene anawachititsa kugula makina poyamba.

Injiniya anatambasula dzanja kuti awathandize. Amayi sanamupatse.

"Mvetsera, mwana wanga, chifukwa sindibwerezanso. Sindikukwiyira kuti umafuna kundithandiza. Kompyutayo ndi yochedwadi, ndimaitukwana ndekha. Chandiwawa n'chakuti unaona chinthu changa n'kugamula wekha kuti ukuchidziwa kuposa ine amene ndimadyera pomwepo. Baji iyi ukuiona yaing'ono, koma kuti timawu tam'munsiti tiwerengeke tinawononga nsalu zingati? Tinathyola masingano angati? Iwe unali kumbuyo kwanga, ukuyamwa chala. Lero wabwera ndi nzeru za tsiku limodzi, za mnyamata amene sadziwa n'komwe kumene ulusi umalowera, wafufuta zonse ndi chala chimodzi. Kusukulu ndinakutumiza kuti ukaphunzire kufunsa, osati kunyoza zimene wazipeza.

"Aphunzitsi ako ananena pagulu kuti ine sindikhumudwitsa. Ndisoka ndi manja mpaka pamene maso anga athere. Malaya onse sangathe, ndikudziwa, nawenso ukudziwa. Ako ndawaika pansi penipeni pa mulu. Ndikapanda kuwafikira, ukaima kutsogolo kuja thumba lili mbee, ndipo anzako akakufunsa ukawafotokozere wekha za kambalame kako."

Ulusi unalowa. Amayi anayamba ndi chikuto cha buku, kubaya kamodzikamodzi, nkhope ili pafupi ndi nsalu ngati akuinunkhiza. Makina aja amene ankamaliza baji munthu asanamalize moni anangokhala duu pambali pawo. Injiniya anayang'ana kachigawo kamene kanatha, anayang'ana mulu wa malaya, ndipo manyazi anamugwira. Kwa nthawi yoyamba dzina lake lija linamuwawa.

Anaimirira kuti atuluke mwakachetechete. Njira ya kwa Azakhali ankaidziwa, ndipo akanatha kupita n'kubwera Amayi osazindikira. Koma atafika pakhomo anaima. Kuchita zinthu mwakachetechete ndi kumene kunamufikitsa apa. Anabwerera n'kugwada pafupi ndi mpando.

"Amayi, ndikupempha. Mundilole ndipite kwa Azakhali."

Singano inaima. Amayi sanamuyang'ane. Anangopisa dzanja pansi pa mulu, anasolola malaya amodzi opanda baji, n'kumuponyera pamiyendo. Anali ake omwe.

7. Khomo la Azakhali

Dzuwa linali lisanalowe pamene anafika. Shopu ya Azakhali inali ya magalasi kutsogolo, makadi a ukwati atapachikidwa pa chingwe, ndipo patebulo panali kompyuta yopyapyala ya apulo wolumidwa uja. Azakhali anakweza maso, anayang'ana mwana wa mchimwene wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako malaya amene anali m'manja mwake.

"Ha! Lero mwakumbukira kuti kuno kuli njira?"

Injiniya anafotokoza zonse osabisa, ndipo sanakankhire mlandu kwa Pulofesa ngakhale pang'ono. Azakhali anamvetsera mpaka kumapeto, akupukusa mutu. Kenako anatsegula dirowa, anatulutsa madiski awiri okulungidwa m'kansalu, n'kuwaika patebulo.

Injiniya anatambasula manja onse awiri. Azakhali anaika chikhatho pamwamba pa madiskiwo.

"Taima kaye. Baji imeneyo ndinaijambula ndine, amayi ako n'kumasoka. Zaka zonsezi sanabwere ngakhale kudzandiona ndili m'chipatala, ndiye lero atume mwana? Madiski ndi awa, sakupita kulikonse. Ukawauze kuti ngati akuwafuna, abwere okha adzawatenge ndi manja awo."

Injiniya anayang'ana malaya ake, thumba lili mbee. Mawa linali Lachisanu, ndipo mawu amenewo anayenera kukawanena iyeyo, ndi pakamwa pake, kwa Amayi.